Zaka 31, ndikugonabe pabalaza kwa alamu ndipo mphamvu zoyesa zandithera. Ena munatulukamo bwanji?

Wa_pa_Bangwe

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga pano osalembapo kanthu, koma lero ndati ndilembe, poti kunyumba kuno palibe amene ndingamuuze zimenezi.

Ndili ndi zaka 31. Ndinamaliza dipuloma ya akawunti mu 2018. Fizi ankandilipirira achemwali anga, amene amagulitsa kaunjika, ndipo chaka chomaliza mayi kumudzi ku Ntcheu anagulitsa mbuzi zawo kuti ndilembe mayeso. Ntchito ya pepala langalo sindinaipezepo. Ndinagwirako pa shopu ina ya zipangizo zomangira nyumba ku Limbe, kulemba malisiti ndi kuwerenga katundu, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 eni ake anati sangatikwanitse tonse, ndipo ife opanda kontirakiti ndi amene tinayamba kutuluka. Lendi inandikanika. Kuyambira pamenepo ndili kwa achemwali ndi alamu kuno ku Bangwe. Ndimagona pabalaza, m'mawa ndimapinda matiresi n'kukaimika kuseri kwa kabati ana asanadzuke.

Alamu si munthu woipa, sanandinenepo chilichonse. Koma akalowa madzulo, choyamba amayang'ana pa mita kuti mayunitsi atsala angati, ndipo ine mtima umangoti myuu. Ndiye masana ndikatsala ndekha sindiyatsa TV, madzi osamba sinditenthetsa, foni ndimatchaja kamodzi basi. Pa nsima ndimatenga mtanda umodzi n'kunena kuti ndakhuta, njala ili pomwepo. Ndikamva geti ikutsegulidwa ndimathamangira kuseri kukakhala ngati ndikukonza kanthu, kuti asandipeze nditangokhala.

Poyamba ndinkalimbikira. Kusindikiza ma CV, kuyenda wapansi mpaka ku Limbe, nthawi zina kukafika ku Ginnery Corner, kusiya maenvelopu pa mageti. Ku intavyu ndinaitanidwako, koma zimathera pa "tikuimbirani". Tsopano ndinasiya. Ndikaona vacancy pa WhatsApp ndimangoidutsa, mumtima ndimati ali naye kale munthu wawo. Kukwaya ndinasiya, mpira wa Loweruka ndinasiya. Gulu la anzanga a kukoleji ndinalichita mute, chifukwa sabata iliyonse kumabwera chithunzi cha chinkhoswe, cha galimoto, kapena cha munthu ali pa eyapoti. Ukwati wa mnzanga weniweni sindinapiteko, poti pa perekaniperekani ndikanavina ndi chiyani m'manja? Msuweni wanga amene anasiyira Fomu 2 amayendetsa njinga yamoto ya kabaza, wamanga nyumba ya malata kumudzi, ndipo ndi amene amawagulira mayi anga feteleza. Ndikaganiza zimenezo ndimati bola mbuzi zija akanagulira njinga.

Tulo ndiye mulibe. Ndimagona cha m'ma 10, koma 3 koloko ikamakwana maso ali gwa, kuwerengera zaka, kuwerengera anthu amene ndawakhumudwitsa, mpaka atambala. Masana thupi lolemera, mutu kuwawa, ngakhale kusamba kumandikanika masiku ena. Ndinakayezetsa malungo, anati mulibe. Mayi akaimba kufunsa kuti kutauniko zikuyenda bwanji ndimati zikuyenda, kenako ndimati netiweki ikuvuta n'kudula.

Ndili ngati minibasi yoima pa siteji, injini ikulira, kondakitala akuitanira, koma osadzaza, osanyamuka, zinzake zikungodutsa.

Ndinene zoona, masiku ena ndimaganiza kuti ndikanakhala kulibe aliyense akanapepukidwa. Sindinachitepo kanthu, koma ganizolo likubwera pafupipafupi kuposa kale.

Sindikupempha ndalama kapena ntchito pano. Ndikufunsa amene munafikapo pamene ndafikapa, poti ngakhale mphamvu yoyesa yatha: munatani kuti muyambenso kudzuka m'mawa? Komanso pali mnzanga amene akundiuza kuti ndibwereke ya basi ndipite ku Joni. Amene muli kumeneko, kodi n'zothandiza?

Mkulu_wa_mphakati

Achimwene, pepani kwambiri. Ndawerenga mpaka pamapeto ndipo mtima wandiwawa.

Zoti aliyense akanapepukidwa zija si zoona ngakhale pang'ono. Ine ndaima pamanda nthawi zambiri ndikuyendetsa mwambo, ndipo sindinaonepo mayi amene anapepukidwa poika mwana wake, kaya mwanayo anali pa ntchito kaya anali lova. Mayi anu akamaimba foni akufuna amve mawu anu. Feteleza akumupeza kale kwa msuweni wanuyo, koma amaimbirabe inu.

Bwererani kukwaya. Kumeneko safunsa kuti mukugwira kuti, amafunsa ngati mumaimba besi kapena tena. Ngati Lamlungu anthu akuchulukirani, yambani ndi pulakatisi ya mkati mwa sabata, pamakhala anthu ochepa ndipo safunanso chopereka. Mukhale ndi malo amodzi amene anthu akukudikirani pa nthawi yake. Ine ndikuikani m'pemphero usiku uno, ndipo pa mphakati wathu ndikapempha kuti tipempherere mnyamata wina wa ku Bangwe, osatchula zambiri.

Tchona_wa_ku_Randburg

Amwene, ine ndikulemba ndili ku Randburg, ndimagwira ya m'gadeni m'nyumba zingapo. Ndikuyankheni za Joni zokhazo.

Ndinakwera basi pa Wenela ndili ndi maganizo ngati anuwo, kuti ndikangodutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda n'kuwoloka Beitbridge ndiye kuti mavuto atsalira m'mbuyo. Pa boda amakudindira masiku 30. Akatha masikuwo umasanduka munthu wobisala. Ukaona veni ya apolisi umakhota, ukadwala umaopa kupita ku kiliniki, abwana akakudula malipiro sungakadandaule kulikonse, ndipo aliyense kuno amadziwa wina wake amene anatengedwa kupita ku Lindela, malo osungira alendo opanda mapepala ku Krugersdorp, n'kubwezedwa kumudzi ndi zovala za m'thupi zokha. Miyezi yoyamba ndinkagona pansi m'kachipinda ka mnzanga ku Diepsloot. Ndiye ngati kupinda matiresi kwa alamu kukukuwawani, dziwani kuti kuno mudzapindanso matiresi, koma kwa munthu amene si m'bale wanu ndipo akufuna gawo lake la lendi pa 1.

Ndalama ilipo, sindinama. Randi ukaitumiza kumudzi imaoneka, ine ndaphunzitsa ana a mlongo wanga ndi ntchito yotchetcha kapinga yomweyi. Koma ndalamayo imapita kwa amene wabwera ndi mphamvu zodzuka 4 koloko kuthamangira taxi, kugogoda pa mageti n'kukanidwa, mawa n'kukagogodanso. Inu mwanena nokha kuti kusamba kukukuvutani. Munthu wotero kuno amathera m'chipinda ndi mowa wotchipa, kumudzi osaimbanso foni chifukwa cha manyazi. Ndawaona ndi maso angawa, ena tinachita kusonkha kuti maliro awo apite kwawo. Ndiye ndalama ya basi yobwereka, makamaka ya katapila, musayerekeze panopa. Yambani mwakhala bwino kaye. Joni sikuthawa. Mukadzafunabe mudzabwere muli ndi pofikira komanso ntchito yoti wina wakusungirani.

Chimene chinandigwira ine pa nthawi yanga yoipa ndi gulu la Amalawi limene timasonkha za maliro. Timakumana kamodzi pamwezi, timaphika nsima ndi usipa wobwera pa basi, timakangana za Bullets ndi Wanderers mpaka kukuda. Palibe amene anakhala nane pansi kundipatsa uphungu. Kungoti ndinkadziwa kuti ndikapanda kubwera andiimbira kufunsa kuti uli kuti, ndipo ankaimbadi.

NaBanda_namwino

Mwana wanga, ndikuitanani choncho chifukwa woyamba wanga ndi wa msinkhu wanu. Ndine namwino, ndagwira zaka zambiri pa chipatala chaching'ono cha boma kuno kummwera. Ndiyamba ndi zimene mwaziika chakumapeto, chifukwa kwa ine zimenezo ndiye zazikulu.

Mwati ganizo loti mukanakhala kulibe likubwera pafupipafupi. Mwachita bwino kulitchula. Tsopano ndikufunseni mosazungulira, monga timafunsira kuchipatala: kodi mwayamba kuganiza za njira kapena tsiku? Ngati yankho ndi eya, musadikire mawa. Auzeni achemwali lero lomwe, chilichonse chimene mwakhala mukuchiyang'ana ndi maganizo amenewo achichotse m'nyumbamo, musakhale nokha, ndipo akuperekezeni kuchipatala. Ku Queens amalandira odwala mwadzidzidzi usana ndi usiku. Ngati yankho ndi ayi, auzenibe, ndipo mupitebe sabata ino. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amasonyeza kuti mwa anthu amene amadzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri ndi amuna, ndipo pamaliro otere mawu amene timamva ndi akuti "sananenepo kanthu".

Inu muli ndi mavuto awiri amene alukana, ndipo mukuwaona ngati limodzi. Loyamba ndi ulova. Limenelo ndi lenileni, silili m'mutu mwanu, ndipo si inu munagwetsa kwacha. Lachiwiri ndi matenda. Zimene mwalembazi, kudzuka 3 koloko, kusiya zinthu zimene munkazikonda, thupi kulemera, kudziona wachabechabe, mutu wosapezeka malungo, zikakhala tsiku ndi tsiku kwa masabata awiri kapena kuposa, ife timaganizira matenda a maganizo amene madokotala amawatcha depression. Woyenera kutsimikiza ndi amene akakuoneni maso ndi maso, koma mukanabwera pa tebulo langa ndi nkhani imeneyi sindikanakubwezani ndi mankhwala a mutu. Ambiri safika n'kunena kuti ndakhumudwa. Amati mutu, amati mtima ukuthamanga, amati m'thupi mukuphwanya. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tinaona anthu otere ochuluka, opulumuka opanda bala ngakhale limodzi, koma tulo osalipezanso, ntchito osaigwiranso.

Kuipa kwa matendawa n'koti amalankhula ndi mawu anu omwe. Amakuuzani kuti vacancy ili ndi mwini kale, kuti alamu atopa nanu, kuti mayi anataya mbuzi pachabe, ndipo inu mumakhulupirira chifukwa zimamveka ngati mwaganiza nokha. Zina mwa zimenezo zitha kukhala ndi kachoonadi, ntchito zambiri zimayendadi podziwana. Koma munthu amene ali bwino amadziwa zimenezo n'kulembabe kalata. Inu munkalemba kale, zinthu zili zovuta chimodzimodzi. Chasintha ndi thanzi lanu. N'chifukwa chake kungoganiza kwambiri sikungakutulutsenimo, ndiponso kukuuzani kuti limbani mtima sikukwanira.

Anthu akamva za matenda a maganizo amathamangira kuganiza za Zomba Mental Hospital. Ku Zomba kumapita amene adwalitsitsa, ofunika kugonekedwa. Ochuluka amaonedwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. M'zipatala za maboma muli anamwino ndi ma clinical officer amene anaphunzira za matenda amenewa, ku Queens kuli kiliniki yake, ndipo a St John of God, amene amathandiza odwala matenda a maganizo, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. M'zipatala za boma simulipira. Si aliyense amapatsidwa mankhwala, ena kukambirana kumakwanira. Akakupatsani, amene amapezeka kawirikawiri ndi amitriptyline, womwa usiku, amene amagonetsa ndi kuumitsa kukamwa, kapena fluoxetine, womwa m'mawa. Sagwira lero ndi lero. Pamapita masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposa, kuti muyambe kuona kusintha, ndipo apa ndi pamene ambiri amasiya n'kumati sakuthandiza. Mukayamba kupeza bwino mumapitirizabe kwa miyezi yosachepera 6, ndipo posiya mumasiya pang'onopang'ono motsogozedwa ndi amene akukuonani. Amene akukulemberani mankhwalawo muwauze za ganizo lija, ndipo mankhwala azisunga achemwali, azikupatsani a tsiku limenelo. Mowa ndi chamba zimagonetsa usiku umodzi koma zimazamitsa matendawa, muzitalikire.

Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006, ku Mbare mu Harare, ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumakambirana ndi anthu ovutika maganizo. Njirayo inafikanso kuno kwathu m'zipatala zina, ndipo ine ndimaikonda chifukwa siifuna zambiri. Mumatchula mavuto anu onse, mumasankhapo limodzi lokha limene lingasunthe sabata ino, mumaganizira njira zingapo, mumatengapo imodzi, n'kupangana tsiku loichita. Pa mndandanda wanu, ntchito singasunthe sabata ino, isiyeni kaye. Koma mtanda umodzi uja ungasunthe lero. Mwamuna wa zaka 31 sangayende pa mtanda umodzi. Njala payokha imabweretsa mutu, kufooka ndi kusowa tulo, ndiye mukuwonjezera moto pa matenda. Idyani mukhute. Ndikunena ngati namwino komanso ngati mayi amene amaphika: achemwali anu anaona kale kuti mtanda ukutsala.

Musadikirenso kuti mtima ufune kaye. Pa matenda amenewa kufuna kumabwera pambuyo, munthu atayamba kale kuchita. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale simunagone bwino, sambani, tulukani dzuwa likuwombeni. Perekezani ana aja kusukulu, ndi ulendo waufupi koma uli ndi nthawi yake ndipo pali amene akukudikirani. Masana musagone, kuti usiku tulo lipezeke. A mkulu a mphakati anena zoona za kwaya. Pempherani, ndipo kuchipatala mupitenso. Ine ndimachita zonse ziwiri kwa odwala anga ndipo sizinalimbanepo.

Ndiyankheni funso lija, ndikhala ndikuyang'ana pano.

Wa_matabwa_ku_Ndirande

Achimwene, ine ndikulankhulani ngati alamu, chifukwa panopa m'nyumba mwanga muli mchimwene wa akazi anga, anamaliza sukulu ndipo akugona pabalaza ngati inu.

Mita ija nanenso ndimayang'ana ndikalowa. Ndinkayang'ana iye asanabwere, ndidzayang'anabe akadzachoka, chifukwa ndimafuna kudziwa ngati tifika Lachisanu. Pa nthawi imeneyo iye samabwera n'komwe m'mutu mwanga. Nsima imawerengeka, sindinama, ufa wakwera ndipo munthu mmodzi wowonjezera amaoneka pa thumba. Koma tinavomera tokha kuti abwere, tikudziwa zimenezo. Chimene chinkandivuta n'choti ndikalowa iye amatuluka. Ndikakhala pakhonde iye ali kuseri. Ndinafika pofunsa akazi anga kuti kodi mnyamatayu ndinamulakwira chiyani. Madzulo ena anabwera yekha, anakoka mpando, anakhala kanthawi osalankhula, kenako anati "alamu, zinthu zandivuta". Sindinamupezere ntchito, ndilibe poipeza. Koma kuyambira pamenepo m'nyumba munapepuka, timadyera limodzi, ndipo ndikamva kuti kwinakwake kuli ganyu ndimatha kumuuza osaopa kuti aganiza kuti ndikumuthamangitsa. Mwati alamu anu sanakuneneni chilichonse. Yesani kuwakhulupirira.

Nanenso ndinakhalapo lova ndili ndi pepala la kukoleji m'sutukesi. Amene ananditulutsa ndi amalume anga, kalipentala wa mumsika wa Ndirande, ndipo sanandinyengerere. Anangoti mawa 7 koloko ubwere udzandigwirire matabwa pocheka. Manyazi anali pamenepo, utuchi thupi lonse, anzanga a kusukulu akudutsa atavala mataye. Koma ndili pomwepo ndinazindikira kuti amalume, ndi luso lawo lonse, sankadziwa kuti pa bedi imodzi amapindula zingati. Ankatchula mtengo poyang'ana nkhope ya kasitomala. Ndinagula kope, ndinayamba kulemba matabwa, misomali, guluu, vanishi, sandipepa, ya onyamula, ya makina opalira. Zinapezeka kuti mabedi ena ankagulitsa moluza. Anakweza mtengo pang'ono, anasiya kupereka katundu pa ngongole kwa anthu ena. Kenako oyandikana nawo, owotcherera mafelemu ndi osoka masofa, anayamba kundiitana kuti ndiwaonere awo. Lero ndili ndi kabenchi kanga ka matabwa ndipo ndimalemberabe ena mabuku. Si ulemerero, ndikuchitabe lendi zipinda ziwiri, ndipo miyezi ya mvula malonda amafa. Koma ndimagona tulo.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, oposa theka osakwana zaka 18, ndipo chaka chilichonse ana oposa 100,000 amalemba MSCE. Maofesi a mu Victoria Avenue ndi ku City Centre sangatimeze tonse, ngakhale aliyense atakhala wakhama chotani. Koma akawunti imene munaphunzira ikufunika m'misika kuposa mmene mukuganizira. Yambani ndi belo la achemwali anu. Lagulidwa zingati, latuluka zovala zingati zoyamba, zingati zapakati, zingati zongotaya pa mtengo wa bwerani mudzaone, ya msika zingati, ya minibasi zingati, ndipo pomaliza latsala ndi chiyani. Amayi ambiri a kaunjika amangodziwa kuti ndalama ya belo lina yakwana kapena sinakwane. Ndipo ngati ali mu banki mkhonde, mukudziwa nokha zimene zimachitika mu Disembala pogawana: masheya sakugwirizana ndi buku, chiwongoladzanja chasokonekera, anthu mpaka kusiya kulankhulana. Munthu wodziwa kuwongola buku limenelo amakumbukiridwa. Poyamba chitani ulere, kwa achemwali omwewo amene anakulipirirani fizi.

Kubetcha pa foni kokha musayambe. Anyamata ambiri a pamsika pano analowamo pa nthawi ngati yanuyi, akuti angoyesa kamodzi, ndipo lero ali ndi ulova komanso ngongole.

Zonsezi zibwere pambuyo. Yambani ndi zimene anena amayi anamwinowo.

Wa_pa_Bangwe

Zikomo nonse. Ndawerenga mobwerezabwereza, ena mwandiliza.

Amayi NaBanda, yankho ndi ayi, za njira kapena tsiku sindinaganizepo. Koma ndachita zimene munanena. Dzulo usiku achemwali ankasankha zovala za belo latsopano pamkeka, ine ndinakhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kupinda, ndipo ndinawauza ndikuyang'ana malaya amene ndinali nawo m'manja, chifukwa kumaso sindikanatha. Anasiya zonse, analira. Anati ankaona kuti ndikuwonda ndipo ankaganiza kuti ndimadya kwina kapena ndiwo zawo sizindikomera, koma ankaopa kundifunsa kuti ndingaone ngati akundiwerengera. Ndinawalola kuti awauze alamu. Alamu sanalankhule zambiri, m'mawa uno anangoti "alamu, ana awa muziwatenga ndinu pa 12, ine ndimachedwa nawo", ndipo lero ndakawatenga.

Achemwali ati andiperekeza kuchipatala Lachinayi, atseka benchi tsiku limenelo. Za Joni ndaimika kaye, zikomo amwene pondiuza zoona. Bambo a mphakati, kukwaya sindinakonzeke, koma pulakatisi ya mkati mwa sabata ija ndikuiganizira. Achimwene a ku Ndirande, achemwali alidi mu banki mkhonde, ndipo buku la belo alibe.

Usiku wathawu ndinadzukabe 3 koloko ndipo maganizo anabwera monga mwa masiku onse, ndiye sindinganene kuti ndapepukidwa. Amayi, ndifunseko: kodi ndikufunika kalata kuti andione? Nanga pa mzere, pomwe anthu onse akumva, ndikanene kuti ndikudwala chiyani?

NaBanda_namwino

Mwachita chinthu chovuta kwambiri, mwana wanga, ndipo achemwali anuwo muwathokozere m'malo mwanga. Kudzuka 3 koloko kupitirirabe kwa kanthawi, zimenezo zisakubwezeni m'mbuyo.

Tengani buku lanu la kuchipatala, ngati mulibe mugula pomwepo, ndi lotchipa. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi nanu. Akaona kuti mukufunika kuonedwa ku Queens akulemberani m'buku momwemo, imeneyo ndiye kalata yake. Pa mzere simukakamizidwa kufotokoza, mungoti sindikugona ndipo mutu ukundivuta. Mukalowa m'chipinda, chitseko chikatsekedwa, nenani zonse, kuphatikizapo ganizo lija, ngakhale asanakufunseni. Mawu akakuthawani, atsegulireni foni awerenge zimene munalemba pano, mwazifotokoza bwino kuposa mmene odwala ambiri amathera. Musatuluke musanafunse tsiku lobwereranso, ndipo alilembe m'bukumo.

Zinthu zikafika poipa Lachinayi lisanakwane, musadikire tsikulo, dzutsani achemwali ngakhale ndi usiku. Lachinayilo mulawire, ndipo mudye kaye phala musananyamuke chifukwa mzere umatalika.